Chikalata cha M'chipewa cha a Fidencio

A Fidencio Barragán adula letesi, masamba odya osaphika aja, m'minda ya eni zaka makumi atatu. Kuyambira Epulo amakhala ku Salinas, Novembala akakwana amanola mpeni n'kutsata letesiyo ku Yuma, monga amachitira aliyense kwathu kuno. Bedi la m'chipatala anali asanaligonepo.

Chaka chatha mwana wawo Marisela, ali woyembekezera, anawakokera kukayezetsa. Namwino anati m'thupi mwawo muli tizilombo ta chifuwa chachikulu, koma tili mtulo. Mapilitsi a miyezi inayi, osadumphitsa, apheratu tizilomboto tisanadzuke.

"Togona mukutiputiranji?" anaseka a Fidencio.

"Bambo, musandiseketse," anatero Marisela. "Timeneto tikadzuka, mdzukulu wanuyu simumunyamula."

Anamwadi miyezi iwiri. Mowa anasiya. Mkodzo unasanduka wofiirira, monga namwino ananenera, ndipo mnzawo wa mumzere kumundako, a Nazario, anapeza poyambira.

"Achimwene, mwayamba kukodza malalanje? Tchererani m'botolo tikagulitse!"

"Choka iwe, nkhalamba yopanda mano."

Ndiye Novembala anakwana. Chipatala chimapereka botolo la mwezi umodzi basi, choncho namwino anawalembera chikalata choti akatengere otsalawo ku Yuma. Anachipinda bwinobwino n'kuchilowetsa m'chipewa, mmene mumakhala chithunzi cha malemu akazi awo.

Koma ku Yuma basi ya kumunda imanyamuka m'bandakucha n'kubwerako chipatala atatseka. Ukajomba tsiku limodzi, kapitawo amapereka mzere wako kwa wina. Mawa, ankatero a Fidencio. Mawa. Kenaka a Nazario anagwidwa ndi chimfine, kutsokomola osalekeza. Kwathu kuno mnzako sumumana mankhwala uli nawo m'thumba. A Fidencio anawakhuthulira theka la botolo m'manja.

"Imwa, nawenso ukodze malalanje."

Sabata ziwiri botolo linali mbee. Marisela akaimba foni, a Fidencio ankangoti, "Ndikumwa, mwanawe, ndikumwa," maso ali pansi ngati akuwaona.

Anabwerera ku Salinas mu Epulo, lamba ataboola mabowo awiri atsopano, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Adokotala anajambula n'kupukusa mutu: tizilombo tija tadzuka. Anawagoneka m'kachipinda kaokha, wolowamo azitseka pakamwa ndi pamphuno, khanda la Marisela lisayandikire n'komwe.

Marisela anapeza chikalata chija akulongedza zovala zawo. Thukuta linali litadya zilembo zonse, kunangotsala chidindo. Sanakalipe. Anangochiika patebulo pafupi ndi bedi, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa kukalipa.

Lamlungu la ubatizo Marisela anabwera ndi khandalo litavala zoyera, n'kuima panja pa zenera. Anakweza mwanayo m'mwamba kuti agogo ake amuone.

"Akulemera?" anafunsa a Fidencio, mawu akuthera pagalasi.

Marisela sanamve. Anabwerezanso, chifuwa chinawadula. Manja aja, amene anyamula letesi wosawerengeka, anangowapinda pachifuwa, opanda kanthu.