Mbuzi ya pa chinkhoswe cha Esinati

Ndikukumbukira nyumba yathu ya ku Old Town, ya zipinda ziwiri, kuseri kwa msika. Bambo anga anali mlonda ku Area 9. Khomo loyang'anana ndi lathu linali la Che Amidu, Myao wa ku Mangochi, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye. Anthu awiriwa ankapemphera kosiyana, koma sindinawamvepo akukangana za Mulungu. Ankakangana za mpira basi.

Kwathu nkhuku sitinkapha tokha. Amayi ankaimanga miyendo ndi kansanza, ine n'kuikwapatira, ulendo wa kwa Che Amidu. Ndinkawapeza akupalasa makina, tepi ili m'khosi, khonde lonse likununkha nsalu zatsopano ndi utsi wa simbi ya makala. Ankaimitsa phazi, n'kusamba m'manja, n'kupita nayo kuseri kwa sitolo. Kumeneko ankailozetsa kumpoto, n'kunong'ona mawu amene sindinkawamva, mpeni n'kudutsa kamodzi. Iwo ankati kuchinja. Pobwerera malaya anga ankakhala ndi madontho, ena a magazi, ena a zimene nkhuku imachita ikagwidwa ndi mantha.

Tsiku lina ndinafunsa bambo chifukwa chake, poti mpeni tinali nawo. Anangoti, "Tikapha tokha, tidya tokha." Msilamu sadya nyama imene sinachinjidwe mwa mwambo wawo. Choncho pa Khirisimasi Che Amidu ndi akazi awo ankadya pamphasa yathu, ndipo pa Idi mbale ya mpunga wonunkhira inkawoloka bwalo kubwera kwathu.

Zinthu zinasokonekera pa chinkhoswe cha mlongo wanga wamkulu, Esinati. Bambo anagula mbuzi n'kuimangirira kumtengo wa mango. Anapangana ndi Che Amidu kuti adzaichinja Loweruka m'mawa, bambo akaweruka. Lachisanu kunafika amalume, achimwene awo a amayi, kuchokera kumudzi. Kwathu kwa Achewa, pa ukwati wa mwana mwini nkhani ndi malume. Bambo wobereka amangovomereza.

Loweruka bambo anafika dzuwa litatuluka, maso ali ofiira ndi tulo. Anapeza mbuzi ikulendewera chadodolido, itasendedwa kale. Amalume anali akutsuka matumbo m'beseni, uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

"Alamu, mbuzi imeneyi imadikira Che Amidu," anatero bambo, chipewa chili m'manja.

"Imadikira telala? Ine ndilibe manja? Mwana ndi wathu, mbuzi ndi yathu. Mwakhalitsa m'tauni, alamu, mwayamba kubwereka ndi mpeni womwe."

Amalume sanali munthu wankhanza. Kumudzi kwawo kunalibe Msilamu ngakhale mmodzi, ndipo kwa iwo mwini mbumba ndiye ankayenera kugwira mpeni pa tsiku lotere. Nawonso ankasunga mwambo. Bambo anayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi. Mayi wina amene ankathandiza kuphika ananong'ona kuti tingonena kuti mbuziyo yakachinjidwa kumsika, poti nyama ikapsa siulula amene anaipha. Bambo anapukusa mutu, n'kuwoloka bwalo. Anapeza Che Amidu atakhala pakhomo, akunola mpeni pamwala. Zimene anakambirana sindinazimve. Ndinangoona mpeni uja ukubwerera m'nyumba.

Masana Che Amidu anabwera ndithu, atavala mkanjo woyera. Diresi limene Esinati anavala anasoka ndi iwo, ndipo amayi ambiri ankaligwira kuona mpendero wake. Che Amidu anawomba m'manja pamene ankhoswe ankalankhula, anaseka pamene ena ankaseka. Nthawi ya chakudya amayi anawaikira mpunga ndi nyemba m'mbale yatsopano. Bwalo lonse linali likununkha nyama yootcha.

Amalume, atakhuta ndiponso atakondwa, ananyamula nthiti n'kupita nazo pamene panakhala mlendoyo.

"Atelala, lawaniko. Mbuzi ilibe mpingo."

Anthu anaseka kwambiri, makamaka akuchimuna amene sankadziwa nkhani yake. Che Amidu anamwetulira.

"Zikomo, bambo. Nyembazi zandikwana."

Kenaka anatembenuka n'kuyang'ana bambo anga. Sanawayang'ane nthawi yaitali. Bambo akanatha kunena mawu amodzi, koma kudzudzula malume pamaso pa akuchimuna kukanawononga chinkhoswe cha mwana wawo. Nyama ya tsiku limenelo sanaikhudze, ndinaona ndekha, koma sindikudziwa ngati Che Amidu anaona.

Khirisimasi itafika ndinapitanso ndi nkhuku. Anaichinja monga kale, anandifunsa za sukulu. Koma masana anatumiza mwana kudzanena kuti zosoka zachuluka. Amayi anapinda mphasa imene anawayalira. Bambo ndi Che Amidu moni ankapatsanabe, ndipo mbale ya pa Idi inkabwerabe, koma kukangana za mpira kunatha. Patapita nthawi Che Amidu anabwerera ku Mangochi. Bambo anamwalira osawaonanso. M'masiku awo omaliza anatchulapo nkhaniyi kamodzi. Anati akanatha kupempha tchuthi usiku umenewo n'kugona pafupi ndi mbuzi yawo.

Lero ndimagwira ntchito ku City Centre. Kamodzi pachaka ku ofesi timachita tsiku la chikhalidwe. Ena amabwera ndi zikopa ndi nthenga, ena ndi malaya a chitenje, timavina pang'ono, timajambulitsa, kenaka aliyense amabwerera pa desiki yake. Achinyamata amati kumeneko ndiye kulemekeza kusiyana kwathu, ndipo sindiwatsutsa. Nyama nayonso timagula m'sitolo itachinjidwa kale, chizindikiro chili papepala, moti aliyense angadye osafunsa. Zimenezi n'zabwino.

Koma ana anga akukulira kuseri kwa mpanda wa njerwa. Woyandikana naye nyumba ndi Msilamu. Ndimadziwa poona galimoto yake ikutuluka Lachisanu masana. Timakwezerana dzanja tikakumana pamsewu. Sindinagogodepo pageti pake, chifukwa palibe chimene ndimasowa kwa iye, ndipo iyenso palibe chimene amasowa kwa ine.