Maso Obwereka a Pa Santigie

Pa Santigie Kargbo sankamuseka munthu akasanza m'boti. Ankangomupatsa kachidutswa ka jinja kuti atafune, n'kumuuza kuti aziyang'ana kumapiri osati pansi. Wina akakola mbedza pa malaya a mnzake, iwo ankaimasula mwakachetechete ngati palibe chachitika. N'chifukwa chake padoko la kwawo, m'mbali mwa nyanja ya Yawri, mlendo aliyense wochokera ku Freetown amene ankavomera kuti sanagwirepo mbedza chibadwire ankamulozera boti lobiriwira la Pa Santigie, mkulu amene onse ankangomutchula Pa, kutanthauza bambo.

Anakulira padoko lomwelo. Ali mnyamata ankakoka makoka m'maboti akuluakulu opita kutali, mpaka msana unakana. Atachira anagula boti laling'ono ndi injini yogwirapo kale ntchito, nayamba kutenga anthu ofuna kuphunzira kuwedza. Ana awo anakulira ntchito imeneyi, kenako anabalalika kukafuna zina, pakhomo n'kutsala iwo ndi mkazi wawo, Ya Yeabu. Lamulo lawo linali limodzi: mlendo asatsike m'boti wopanda nsomba yogwira yekha, ngakhale itakhala yaing'ono ngati chala.

Yawri ndi yosaya. Madzi amchere akayamba kuphwa, michenga imatukula misana, ndipo njira yobwerera kudoko imatsala ngalande yopapatiza, yokhotakhota. Njirayo amaiwerenga kumtunda. Pali mtengo waukulu wa usufu kuseri kwa mudzi, ndipo ukaima pansi penipeni pa mpata wa phiri, woyendetsa amakhotera kumanja. Akafulumira kukhota amakakwera Msana wa Ng'ona, mchenga wautali umene mafunde amaswekerapo, pamene maboti angapo anathera.

Ng'ala inayambira diso lamanzere. Pa Santigie anapirira nalo osauza munthu. Italowanso lamanja, mapiri anasanduka mthunzi chabe, ndipo mtengo wa usufu unasowa. Bungwe la eni maboti padokopo silinyengerera pankhani imeneyi: munthu maso akafooka satenganso alendo, amakakhala pansi pa chisakasa n'kumasoka maukonde a anzake. Pa Santigie ankadutsa pachisakasacho m'mawa uliwonse, n'kupatsa moni akuluakulu okhala pamenepo, koma osaima. Mnyamata amene ankawathandiza m'boti anamuchotsa, ati injini yatopa ndipo munthu mmodzi wowonjezera ndi katundu. Ya Yeabu anangosiya kusuntha zinthu m'nyumba.

Ndiye anapeza njira. Anayamba kuuza alendo kuti kuwedza si nyambo yokha, munthu ayenera kudziwanso njira yakwawo. Pobwerera ankawalozera kumtunda n'kuwafunsa ngati mtengo wafika pansi pa mpata, ngati mphunzitsi woyesa ana. Anthu a m'tauni sachedwa kutsutsa. Wina ankati sunafike, wina n'kuti wadutsa, wachitatu n'kuti iye sakuona mtengo uliwonse, ndipo m'mkangano umenewo Pa Santigie ankatolamo choonadi n'kukhota pa nthawi yake. Alendo ankatsika akuyamikira kuti mkuluyo amaphunzitsa bwino. Nyengo ziwiri za mvula zinadutsa choncho.

Loweruka lina la mu Januwale kunabwera ophunzira anayi a sukulu ya anamwino, onse ochokera kumapiri a ku Kabala, ndipo panyanja anali asanakwerepo. Panali mnyamata wolongolola dzina lake Ferenkeh, mtsikana wofatsa dzina lake Tenneh, ndi atsikana ena awiri amene ankangogwirana manja. Popereka moni anawerama, maso pansi, ndipo chikwama cha Pa Santigie anachita kulimbirana kunyamula. Mkuluyo anakondwa nawo. Ana oleredwa chonchi anali atasowa.

Mphepo ya fumbi yochokera kuchipululu inali itayamba usiku wathawo. Ya Yeabu, powapatsa poto wa mpunga ndi chigwada, anati kunja kwayera moipa. Iwo anayankha kuti dzuwa likakwera kuyera. Fumbilo ankalimva pamilomo, koma kuchuluka kwake sakanakuona, pakuti kwa iwo kunja kunali kotuwa tsiku lililonse.

Kupita kunali kosavuta, madzi ali odzaza. Anaponya nangula pamalo amene ankawadziwa ndi kagwedezeke ka boti, nawaphunzitsa kudula nsomba za bonga zopangira nyambo, kubisa nsonga ya mbedza, ndi kugwira chingwe pachala kuti amve nsomba ikamalawa. Ferenkeh anati zonsezi ankazidziwa kale, popeza kwawo ankawedza mumtsinje. Posakhalitsa chingwe chake chinalira. Anakoka akutuluka thukuta, ndipo nsomba yotchedwa kuta, yamano ngati misomali, itagwera m'boti n'kuyamba kudzimenyetsa, mnyamatayo anapezeka ali pamwamba pa mpando.

"Msodzi wa ku Kabala uja wapita kuti?" anafunsa mmodzi wa atsikana awiri aja.

"Ndikuipatsa malo. Ndi mlendo."

"Tsika uipatse moni, achimwene. Ikukusekerera, taona mano."

Pa Santigie anaigogoda pamutu ndi chibonga, akuseka nawo. Atsikana awiriwo nawonso anagwira zawo. Anadya mpunga. Koma Tenneh anali asanagwire kanthu. Nyambo inkangodyedwa, iye n'kuikanso ina mosadandaula. Chingwe cha nangula chinayamba kulimba, chizindikiro choti madzi atembenuka, ndipo mkuluyo anadziwa kuti nthawi yonyamuka yakwana. Tenneh anati asavutike naye, iye wasangalala kale. Iwo anakana. Anamusinthira mbedza, namugwira dzanja kuti amve kusiyana kwa nsomba ndi mwala. Dzuwa linali litapendeka pamene Tenneh anakoka kansomba kofiira, kokwana m'manja.

Pozula nangula, nyanja inali chete mwachilendo. Panalibe injini ya boti lina, panalibe mbalame. Pa Santigie analoza kumene kunali mudzi, nafotokoza za mtengo ndi mpata wa phiri monga mwa masiku onse. Ana aja anamvetsera mwaulemu. Boti linayenda, iwo akuwerengera mtunda mumtima, ndipo atamva kuti ayandikira anafunsa.

"Mtengo uja wafika pansi pa mpata, si choncho?"

Akanakhala ndi maso akanaona anawo akuyang'anana.

"Inde, Pa," anatero Ferenkeh.

"Nonse mukuuona?"

"Inde, Pa."

Anakhotera kumanja. Anadikira kuti boti lipepuke monga limachitira likalowa m'ngalande, koma linayamba kulemera, ngati wina akulikoka kumbuyo. Kenako anamva phokoso. Linali lapansipansi, ngati galimoto yaikulu yodutsa kutali, n'kuleka, n'kuyambanso. Mafunde a pa Msana wa Ng'ona amayenera kumveka kumbuyo kwa phewa lamanzere. Awa ankamveka kutsogolo.

Anachepetsa moto. Anatenga nsungwi yaitali n'kuipisa m'madzi, ndipo inagunda mchenga isanalowe ndi theka lomwe. Anafunsanso, mawu ali bwinobwino, ngati nsanja yoyera ya mzikiti yayamba kuonekera kutsogolo. Anawo anavomera kuti yayamba. Apa mkuluyo anakayika, chifukwa pamalo osaya chonchi nsanjayo siingaoneke. Anayesa kachitatu. Anafunsa ngati akuona nyumba yofiira pafupi ndi nsanjayo, pomwe nyumba yotero kulibe m'mudzi monse.

"Inde, Pa," anayankha mmodzi wa atsikana aja.

Anazimitsa injini naponya nangula. Phokoso lija linakula. Boti linakwera pang'onopang'ono, n'kutsika, ndipo potsikapo pansi pake panakhudza mchenga, kukhudza kofewa ngati kwa munthu wodzutsa mnzake. Madzi anali akupitabe. Pakanadutsa nthawi pang'ono boti likanakhala pansi, ndipo mafunde akanalipeza lili chigonere.

Pa Santigie anamvetsa. Ana awa anaphunzitsidwa kuti mkulu akanena kuti chinthu chilipo, mwana sayankha kuti palibe. Akanawafunsa kakhumi, akanavomera kakhumi, mpaka madzi kuwalowa m'kamwa. Ankaganiza kuti mkuluyo akuona zimene iwo, alendo, akulephera kuona. Kuti anene zoona, anafunika kudziwa kuti woona palibe. Ndipo mawu amenewo akangotuluka, sakanabwereranso. Mkuluyo anaganiza za chisakasa chija, ndi akuluakulu okhala pansi pake akupapasa maukonde. Boti linakhudzanso mchenga, mwamphamvuko.

"Ana anga, tamverani. Ine sindiona. Phiri sindikuliona, mtengo sindikuuona, nkhope zanu sindikuziona. Amene ali ndi maso m'boti muno ndinu. Mukandivomeranso, tifera pano."

Kenako Tenneh analankhula, motsitsa kwambiri. Anati phirilo linasowa m'fumbi iwo akudya mpunga, ndipo chiyambire pamenepo sanaonenso mtunda. Anatinso maso awo anawaona m'mawa pokwera boti, n'kuzindikira chimene chinali, koma anaona kuti si zoti mwana angayambitse.

"Chabwino, mwanangu. Tsopano iwala kuti ndine wamkulu. Ima kutsogoloko undiuze chilichonse chimene ukuona, ngakhale chopanda pake."

Tenneh anaimirira atagwira m'mphepete. Anati kutsogolo kuli thovu loyera lotalika, kumanzere madzi ndi ofiirira ngati tiyi, kumanja ndi obiriwirako. Anazengereza, kenako anati kumanjako, patali pang'ono, pali ndodo yozikidwa m'madzi, pamwamba pake atamangirirapo chigubu chachikasu. Pa Santigie anafunsa ngati chigubucho chili chodulidwa pakamwa. Mtsikanayo anati sakuona bwino. Yankho limenelo linawakhazika mtima pansi kuposa onse amene anamva tsikulo.

Ndodoyo ankaidziwa. Asodzi a nkhanu anaizika m'mphepete mwa kangalande kakang'ono kozungulira kuseri kwa mchengawo. Injini sikanathandiza pamadzi otere. Anapatsa Ferenkeh nsungwi, atsikana awiri aja nkhafi, iwo n'kukhala kumbuyo. Tenneh ankatchula mtundu wa madzi, iwo n'kumanena kokankhira. Kawiri boti linakhala pansi, ndipo Ferenkeh, amene nthabwala zinali zitamuthera, anatsikira m'madzi ofika m'chiuno n'kulikankha ndi phewa. Funde limodzi linawapeza cham'mbali n'kuthira madzi m'boti mpaka m'akakolo. Wina anayamba kupemphera chapansipansi. Nthawi ina mkuluyo anati akhotere kumanzere, Tenneh n'kuti ayi, kumeneko kuli mchenga woonekera. Anatero mawu akumuthawa, koma anatero.

Pang'onopang'ono phokoso lija linasunthira kumbuyo. Nsungwi inaleka kufika pansi. Analiza injini, nayenda mwakachetechete mpaka fungo la utsi wowambira nsomba linawapeza, kenako mawu a anthu.

Asanafike, Ferenkeh anasendera pafupi. Anati anayiwo agwirizana kuti akanene kuti injini inazima. Palibe adzamve china kwa iwo. Tenneh anawonjezera kuti ng'ala amachotsa kuchipatala, ndipo ambiri amaonanso. Angathe kupita mwakachetechete, anthu osadziwa. Pa Santigie anafunsa ngati zimenezo zimachitika sabata yomweyo. Mtsikanayo anati ayi, pamakhala mzere wautali. Loweruka lotsatira kunali kubwera banja lina, la ana aang'ono awiri.

Padoko panali anthu ambiri kuposa masiku onse. Maboti ena onse anali atabwerera masana chifukwa cha fumbi. Morlai, wapampando wa bungwe, anali atalowa kale m'madzi kudzagwira boti, ndipo kumbuyo kwake Pa Santigie anamva kutsokomola kwa Ya Yeabu. Morlai anafunsa chimene chinawachedwetsa.

"Injini, bwana," anatero Ferenkeh msanga. "Inangozima yokha. Koma Pa anaikonza."

"Injini imeneyi? Ndinaimva m'mawa ikulira bwinobwino." Morlai anatembenuka. "Ndi zoona, Pa?"

Gombe lonse linadikira. Morlai anali wamng'ono kwa iwo, ndipo akanavomera chilichonse chimene akananena. Mawu amodzi okha akanakwana, omwe aja amene anawamva tsiku lonse m'boti. Pa Santigie anapukuta fumbi pamilomo.

"Injini ilibe vuto, Morlai. Mwanayu akungondilemekeza." Anamasula kachingwe kozimitsira injini kamene kanali padzanja lawo, nakatambasulira kumene kunkachokera mawu a wapampandoyo, koma anaphonya pang'ono, moti Morlai anachita kusuntha kuti akalandire. "A Loweruka likubwerali uwapezere boti lina. Uwapatse munthu wosathamanga, muli ana."

Morlai anayang'ana kachingweko, kenako nkhope ya mkuluyo, ndipo sanafunsenso. Anthu anayamba kubalalika. Ophunzira aja anatola nsomba zawo, naima pambali osadziwa ngati atsanzike.

Pa Santigie anatsika m'boti, madzi akuwafika m'mawondo. Kunali kutayamba kuda, ndipo gombe lonse linali chinthu chimodzi chotuwa. Anaima pomwepo, osadziwa kumene kunali njira yokwera kumudzi, mpaka Ya Yeabu anabwera n'kuwagwira pachigongono, anthu onse akuona.