Kaseti ya Wotsuka Magalimoto

Tsiku limene Tavarius Pettigrew anatuluka m'ndende, anapita molunjika kwa apongozi ake, Mayi Odessa, kummwera kwa Memphis. Malaya amene analowa nawo anali atamuthina m'mapewa. Anagogoda. Chitseko cha matabwa chinatseguka, koma cha waya chinakhalabe chokhoma.

Kumbuyo kwa siketi ya mayiwo kunasuzumira kamtsikana ka mikanda m'tsitsi. Anali Keyonna, mwana wake, amene anamusiya asanayambe kuyenda.

"Agogo, ndani ameneyu?"

"Munthu wodutsa. Lowa m'nyumba."

Mayi wa mwanayo, Shontrice, anamwalira Tavarius ali m'ndende. Anyamata ankawomberana okhaokha, chipolopolo n'kumupeza iye akutsika basi. Mwamuna wake maliro anangowamvera patelefoni.

"Amayi, ndabwera kudzaona mwana wanga."

"Wamuona. Tamvera iwe, wanga ndinaika m'manda chifukwa cha misewu yanuyi. Uyu sindipereka. Ndikadzaona ndi maso angawa kuti msewu wakutaya, tidzakamba."

Chitseko chinatsekedwa. Tavarius anatsika pakhondepo alibe nyumba, alibe ntchito, mwana wake akumutenga ngati mlendo.

Inu amene mwafika potopa, khalani pansi mumve. Munthu uyu sanathere pamenepo.

Ntchito anaipeza kwa Bambo Cleophus, mkulu wina wa malo otsukira magalimoto. Mkuluyo anamupatsa ndowa, nsanza, ndi kachipinda kakumbuyo kosungiramo sopo kuti azigonamo. M'menemo Tavarius anaikamo kamakina kakale koimba ng'oma ndi maikolofoni yovekedwa sokosi. Chimene ankadziwa kuchita popanda kuphwanya lamulo chinali chimodzi: kuimba rapu.

Kaseti yoyamba inamuchititsa manyazi. Ankaganiza kuti ulemu uli poimba ngati a ku New York, mofulumira, mawu osongoka, kubisa kalankhulidwe kathu kokoka. Komanso anaikonza akumvera m'timasipika ta m'makutu. Ataiika m'galimoto ya Bambo Cleophus, anzake a ntchito anagwira nthiti.

"Ndi nyimbo imeneyi, kapena udzudzu walowa m'chitini?" anafunsa mkuluyo. "Nanga lilime lako unalisiya kundende? Iwe ndi wakuno, mphwanga. Lankhula ngati wadya nyemba za amayi ako."

Kuno nyimbo sitiyesa ndi makutu okha. Timaiyesa ndi buti ya galimoto. Ngati chitsulo cha nambala sichikunjenjemera, ngati wa kutsidya kwa msewu sanatembenuke, nyimboyo sinapse.

Tavarius sanakwiye. Anayang'ana mzere wa magalimoto odikira madzi, n'kuona kuti situdiyo yake ndi imeneyo.

"Achimwene, ndikamapukuta m'katimu, ndiikeko kaseti yanga?"

Eni magalimoto ambiri ankakana. Mayi wina anamuuza kuti m'galimoto mwake mumalira nyimbo za Mulungu zokha, n'kumuloza ndi kiyi. Wailesi ya wina inatafuna kaseti yonse, Tavarius n'kuyamba kuikulunga ndi pensulo anthu akuseka. Koma wina akalola, iye ankapita kumbuyo, kuika chikhatho pa buti, kutsinzina, kumva mmene besi ikugundira. Akaweruka ankakonza. Mawa lake galimoto ina, kukonzanso. Chilimwe chinatha, chisanu chinamung'amba zala, iye osaleka.

Ndipo anayamba kuimba ndi mawu ake enieni, olemera, okoka. Anaimba za pakona pamene anagulitsirapo mankhwala osokoneza bongo, za furiji yopanda kanthu, za phokoso la zitseko za ndende. Sanakometsere kalikonse.

Ena amati izi ndi nyimbo za zigawenga. Ife amayi akuno, amene timati galimoto ikachepetsa liwiro pafupi ndi khonde timayamba takokera ana pansi, tili ndi zifukwa zoziopera. Mwana wamng'ono sitingamulole azimvera. Koma tisanamizane: nyimbo zimenezi zinanena zimene zinkatichitikira pamene wina aliyense ankayang'ana kumbali. N'chifukwa chake anthu ankazikonda, ndipo akuzikondabe.

Mbiri itayamba kumveka, kunabwera Dontrell, mnzake wakale wa pakona, mano agolide ali waliwali, galimoto yonyezimira ngati ya ukwati.

"Aise, ndiwe wa luso, ukufera chiyani m'thovu? Situdiyo yeniyeni ndikulipirira ine. Makaseti ako alowa m'sitolo iliyonse. Ndikufuna vesi imodzi yokha: utamande gulu lathu, anyamata akumpoto aja uwatchule mayina, uwanyoze."

Tavarius anapitiriza kupukuta galasi. Ankadziwa, monga tonse tikudziwa, kuti kuno dzina la munthu wamoyo likalowa m'nyimbo mwa njira imeneyo, wina amakagula bokosi la maliro. Ankadziwanso kuti akavomera, mwana wake adzakula akumuonera kuseri kwa waya.

"Mayina ndiwatchula, Dontrell. Koma osati amenewo."

"Ndiye khala choncho, bwana wa sopo. Tayala ilo wasiya matope."

Analipukuta tayalalo, mtima uli m'malo.

Pa makaseti a kuno panali mwambo. Kumapeto, woimba ankatchula anzake amene anamwalira. Koma aliyense ankatchula a dera lake okha. Akummwera akummwera, akumpoto akumpoto. Maliro a tsidya lina sankawerengedwa.

Tavarius anasintha funso limene ankafunsa eni magalimoto. Galimoto ikalowa, kaya yachokera mbali iti, ankatulutsa kojambulira mawu kakang'ono.

"Pepani, kwanu msewu unatenga ndani? Mutchuleni nokha apa."

Ena ankamutukwana. Ena ankanena dzina motsitsa, ngati akudzutsa mwana. Agogo, madalaivala a mathiraki, atsikana a ku saluni, ngakhale anyamata a nkhope zouma aja.

Bambo Cleophus anachita mantha. "Ukusakaniza akumpoto ndi akummwera m'nyimbo imodzi? Akuwombera mbali zonse ziwiri, ndipo malo anga ndi a magalasi okhaokha!"

"Kumanda anagona mosakanikirana kale, bambo."

Anaika mayinawo pamwamba pa ng'oma yoyenda pang'onopang'ono, besi yolemera ngati mtambo wa mvula. Dzina lomaliza analitchula yekha: Shontrice.

Galimoto yoyamba kuyesa nyimboyo inali ya mnyamata wina wakumpoto, wodziwika kuti sayenda chimanjamanja. Buti inayamba kunjenjemera. Mayina anayamba kutuluka, la mchimwene wake pakati pa awiri akummwera. Mipopi inatsekedwa. Mayi wina amene ankadikira galimoto yake anakokera mwana kuseri kwa khoma. Aliyense maso anali pa manja a mnyamatayo.

Manjawo sanachoke pachiwongolero. Nyimbo itatha, anapukuta nkhope ndi kolala ya malaya.

"Ibwezere," anatero. "Ndipo kaseti iyi situlukanso muno."

Kuyambira pamenepo zinayenda zokha. Kaseti inkagulitsidwa pa buti, kometera tsitsi, pa malo ootchera nthiti. Wogula ankajambulira msuweni wake, msuweniyo n'kutumiza ku Mississippi. Wailesi sinaiike n'kamodzi komwe, koma mzinda wonse unkaimva podikira magetsi a maloboti pamsewu.

Mayi Odessa anaimvanso choncho. Akuchokera kutchalitchi pa galimoto yawo, galimoto ina inaima pambali pawo ikugunda mpaka chipewa chawo kunjenjemera. Anatambasula dzanja kuti atseke windo. Pomwepo anamva mawu a mkamwini wawo akutchula dzina la mwana wawo.

Magetsi anasintha. A kumbuyo analiza mahutala. Iwo sanasunthe.

Loweruka lotsatira anatulukira kotsukira magalimoto, Keyonna ali kumpando wakumbuyo. Tavarius anaima ndi ndowa m'manja, madzi akudonthera pa nsapato.

"Ukuyang'ana chiyani? Galimoto yada iyi. Ndipo kaseti ija, ika."

Anaimvera yonse, kuyambira koyamba. Pamene pankatuluka mawu otukwana ankatembenuka n'kutseka makutu a mdzukulu wawo ndi manja onse awiri. Pofika pa mayina, anawachotsa manjawo.

"Pakamwa pakopo pakufunika sopo kuposa galimotoyi," anatero itatha. Anakonza chipewa. "Za Dontrell ndinamva. Amayi ake timaimba kwaya imodzi, akuti unamubweza ngati galu wolowa kukhitchini."

"Ndinangokana, amayi."

"Kukanako ndi kumene ndinkadikira." Anatsegula chitseko chakumbuyo. "Tsika, Keyonna. Awa ndi bambo ako. Ukhala nawo mpaka mawa." Kenako anamuyang'ana Tavarius m'maso. "Bambo a Keyonna, mubwere naye kutchalitchi atasamba, tsitsi lili bwino. Tsabola sadya. Mukachedwa ndikutsatani."

Mwanayo anayang'ana munthu wamtali wonyowayo, n'kuloza mpopi. "Ndingathireko madzi?"

Tavarius anagwada, n'kumugwiritsa mpopiwo ndi manja ake.

Loweruka limodzi linabala ena. Chaka chisanathe anapeza nyumba yakeyake, ndipo Keyonna anasamukira kwa bambo ake, agogo akubwera kudzayendera mapoto. Lero Tavarius ali ndi imvi komanso situdiyo yake, mmene ana a m'derali amajambuliramo. Achinyamata a kutali, amene anali asanabadwe n'komwe nthawi imeneyo, amasakasaka makaseti ake akale. Lamulo la m'situdiyomo ndi limodzi: nena zoona zonse, koma usaike dzina la munthu wamoyo pa mfuti.

Inu amene mukuwerenga, mwina lero akusekani. Mwina njira yachidule yaima pakhomo panu, injini ikulira, ikungodikira kuti mukwere. Musakwere. Gwirani chimene chili m'manja mwanu, ngakhale chikhale nsanza, ndipo mawa mudzukenso. Alipo amene akukuyang'anani mwakachetechete, kudikira kuti akukhulupirireninso. Mtima wanuwo musautaye, mudzaufuna tsiku limenelo.