Ulusi Wopanda Mfundo

M'nyumba yoyandikana ndi ya amayi ake a Sufian ku Markham, tauni ya kutsidya la nyanja, mumakhala atelala achikulire, Myuda. M'mawa amapemphera atafunda nsalu yamizeremizere, akatha amaipinda bwinobwino n'kukhala pa makina. Lachisanu dzuwa likapendeka, singano amaisiya pomwe yafika, ngakhale pakati pa msoko. Amakonda kunena kuti amene analamula tsiku lopuma ndi yemweyo analamula masiku asanu ndi limodzi ogwira ntchito.

Sufian atabwerako ku Mangochi, komwe anakakhala zaka ziwiri, mtima sunkakhazikika. Ankafuna kukana ntchito yonyamula katundu ku Brampton, tauni ina ya konko, kuti azingokhala kumzikiti. Amayi ake anamutuma ndithu kukafupikitsa thalauzi loyambira ntchitoyo Lolemba.

Anawapeza achikulirewo akusoka pamanja nsalu yoyera, m'chipinda muli zii.

"Ndi ya ndani imeneyo, madala?"

"Yanga. Adzandiika nayo m'manda." Anakoka ulusi n'kuusiya lende. "Chovala cha wakufa sitimangapo mfundo. Alibenso choti agwire kuno."

Kenako anamuyang'ana Sufian pang'onopang'ono, kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi, osatenga tepi.

"Yakonso ndaiyeza," anatero. "Koma si ya lero. Bweretsa thalauzilo."

Anakankhira nsalu yoyerayo pambali, anapinda miyendo ya thalauzi n'kusoka, kumapeto anamanga mfundo ziwiri zolimba, ulusi n'kudula ndi mano.

Lolemba Sufian anakwera basi yopita kuntchito, ndipo njira yonse ankangowerama kukhudza mfundozo, kuona ngati zikadalipo.