Tambala wa a Lucius pa Mlandu wa Pafoni

A Lucius ndi mmisiri womanga nyumba kuno ku Kumakwane, m'dziko la Atswana. Kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo ndi alamu anga, ngakhale masiku ena ndimachita manyazi kuvomera. Mipanda yambiri ya m'mapoloti atsopanowa yadutsa m'manja mwawo, koma muwafunse chimene amanyadira, za nyumba sakuuzani ayi. Akuuzani za tambala wawo wofiira amene anamulera kuyambira ali mwanapiye. Mchemwali wanga ndi ana ali kumudzi, ndiye madzulo nkhani ankakamba ndi tambalayo. Ine ndinawapezererapo akumufotokozera za mitengo ya simenti.

Vuto lake, tambalayu sankadziwa nthawi. Ankangolira pamene wafunira, pawindo penipeni pa Mma Neo, mayi wa Chitswana woyandikana nawo, yemwe anali ndi khanda. Mayiyo atatopa anakadandaula kubungwe lina loyanjanitsa anthu pa intaneti, kumene mumangoonana pavidiyo ya pafoni. Pempho lake linali limodzi: tambala achoke.

Tsiku la mlandu a Lucius anavala jekete, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinawagwirira foni ndi kuwamasulira Chingerezi. Atangotulukira pafoni mayi woyanjanitsa wa bungwelo, alamu anga pansi gwade! Pafoni panangotsala khoma.

"Rra Lucius, muli kuti?" anafunsa mayiyo, Rra kutanthauza bambo m'Chitswana.

"Ndili pansi pano, ulemu wanu!"

Ndinatsitsa foni, iwo n'kuwerama kwambiri. Abale, ndinatuluka thukuta tsiku limenelo.

Koma nkhani inayenda bwino. Mma Neo anafotokoza zake ali m'khitchini mwake, a Lucius zawo, ndipo anagwirizana kuti tambala akhale, bola azigona m'khola kutali ndi windo. Chotsala chinali chakuti a Lucius apepese basi.

"Alamu, mwapulumuka," ndinanong'ona. "Ingonenani kuti pepani."

"Chimanjamanja?" anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Kupepesa kopanda nkhuku n'kunyoza munthu. Musade nkhawa, akaona kuti ndili nayo imodzi yomweyi abweza. Munthu waulemu amatero."

"Kuno si ku Ntcheu!"

Ndani akumve? Anali atamukwapatira kale tambala, ulendo. Ine pambuyo ndi foni, woyanjanitsa akungoona mchenga ndi mapazi. Mma Neo anatsegula geti, foni yake ikadali m'manja. A Lucius anagwadanso n'kupereka tambala ndi manja awiri, nkhope ili pansi, kudikira mawu aja akuti bwererani naye.

"Ke a leboga, Rra!" anathokoza Mma Neo, chimwemwe chitadzaza tsaya. Analandira, n'kutseka geti.

Pafoni woyanjanitsa anaombera m'manja, akuti chiyambireni ntchito sanaonepo mlandu wotha mokoma chonchi. A Lucius anali chigwadire pageti. Ndinafuna kuseka, koma nditaona maso awo chifundo chinandigwira.

Lamlungu masana Mma Neo anabwera yekha ndi mbale yovindikira, khanda lili m'tulo kumsana. Anati sakanadya yekha mphatso yaikulu chotere. Titavundukula tinapeza ntchafu ziwiri zonona.

A Lucius anathokoza mwaulemu wonse mpaka mayiyo anapita. Kenako anakhala pansi, n'kukankhira mbale ija kwa ine.

"Idyani ndinu, alamu," anatero misozi ikulengeza. "Ine ndimamudziwa ameneyu."