Nyemba za ukwati wa amako

Lemba iwe, usamangondiyang'ana m'kamwa. Ukuti ndikuuze za ujamaa, ulamuliro uja woti zonse tizichitira pamodzi? Chabwino, ndikuuza za nyemba.

Nthawi imeneyo tinali titachoka kwathu ku Malawi, tikukhala kutsidya kwa nyanja, pa Mbamba Bay, agogo ako aamuna akupha usipa, ine ndikuyanika. Kenaka kunabwera lamulo lakuti nsomba tizigulitsa ku ushirika, sitolo ya mudzi wonse, pa mtengo wonena iwo. Ha! Munthu woti sanayanikepo usipa, sadziwa kuti mvula ikagwa umawola, ndiye andiuze mtengo? Ine sukulu sindinapite, koma ndimadziwa kuti mtengo umapsa pakati pa anthu awiri, wofuna ndi mwini wake. Ukagulitsa wekha ankati magendo, malonda ozembetsa, dengu kulandidwa.

Ndiye amako anapeza mwamuna. Ukwati wayandikira, ndiwo ndi usipa wokhawokha. Apongozi adzadye usipa ngati tsiku wamba? Ku ushirikako nyemba kunalibe, mashelefu ali mbee. Nyemba zinali kumapiri, ku Tingi, kwa mnzanga wina wa mtundu wa Amatengo amene tinkasinthana naye zinthu kuyambira kale.

Ndinasenza dengu m'mawa. Pamsewu ndinapeza mgambo, asilikali a m'mudzi aja, mnyamata wamtali, ndodo m'manja.

"Mama, magendo hayo!"

"Magendo ati, mwananga? Ndikukaona shoga wanga. Kwanu mumapita kwa mnzanu chimanjamanja?"

Iye akuti, "Tiyeni limodzi, ndikaone ngati ili mphatsodi." Ankaganiza kuti ndibwerera. Ndinangoti tiyeni ndugu, m'bale wanga.

Phiri limenelo, mdzukulu wanga! Ine wa dengu ndili patsogolo, iye m'mbuyo wefuwefu, nsapato za boma zikumuluma.

Titafika, mnzangayo anangoona yunifolomu n'kudziwa. Analandira usipa ndi manja awiri, kuthokoza ngati ndamupatsa ng'ombe, n'kuthira nyemba m'dengu langa. Koma zochepa, pansi pokha! Mkazi uja anali wochenjera, anadziwa kuti pamaso pa mgambo sindingatsutse. Mphatso sukanganira.

Koma ife tinali ndi kachitidwe kathu. Mlendo akakhutira amanyamula dengu n'kutsanzika. Akapanda kukhutira, amangokhala. Ndiye ndinatambasula miyendo pamphasa, n'kuyamba kufunsa za ana ake mmodzimmodzi, za mbuzi, za chifuwa cha amuna ake. Iye kuyankha bwinobwino, akuseka ndi maso. Anathira kambale kena. Ine ndinayamba za maliro a chaka chatha.

Dzuwa likupendeka, mgambo uja akungosuntha pampando, kuyang'ana njira yobwerera ija. Mpaka anaphulika.

"Mama mwenye nyumba, onjezani nyembazo! Usipa wonse uja, wouma bwino, wopanda mchenga, mukupereka timenetu?"

Mnzanga akuti, "Bwana, chaka chino mvula inavuta."

"Mvula yanji? Nkhokwe ndaiona ine! Thirani!"

"Usipa wake ndi waung'onoung'ono."

"Waung'ono ndiye wokoma! Mumaudziwa usipa inu a kumapiri?"

Ine ndagwira pakamwa ndi chitenje, nthiti zikuwawa. Mnyamata wa boma akutsutsa mtengo kuposa ine mwini! Anakangana mpaka dengu linadzaza, iye n'kulitsendera ndi dzanja kuti mulowe zina. Mnzanga anagwa nako kuseka, n'kuwonjezera kathumba ka ufa wa chimanga, akuti ka mkwatibwi.

Potsika, kathumbako anasenza yekha. Tikuyandikira kwathu anandibwezera, akuti, "Mama, a mwenyekiti, atcheyamani a mudzi, asamve." Ndinati, "Amve chiyani, mwananga? Taona mnzathu basi."

Ukwati unadyedwa, iwe! Amake a mkwati, mayi wovuta uja, anatumiza mbale kukhitchini kuti awonjezere nyemba, n'kundifunsa monong'ona kuti ndazipeza kuti. Amako anavina mpaka duku kugwa. Ukawafunse, akakana ndiye kuti akunama.