Tsiku limene ndinaboola tambala

Ndikukumbukira chaka chimene ndalama zinasintha, ndili mu Sitandade 2 ku Namwera. Mayi ankagulitsa zitumbuwa pamsika, ndipo makobidi akale aja, okhala ndi chiboo pakati, ankawatunga pachingwe n'kumangirira m'chiuno. Ndalama zatsopano zinabwera zopanda chiboo. Mayi ankazimanga pamfundo ya chitenje, koma tindalama tofiirato tinkangopulumuka n'kugwera m'fumbi, ndipo madandaulo sankatha pakhomo.

Ine, wodziyesa wochenjera kuyambira kale, ndinaona kuti vutoli n'laling'ono. Ndinatenga kandalama kamodzi, msomali ndi mwala, n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Ndinakhoma mpaka chala kutupa, koma chiboo chinatheka. Ndinathamangira kukhonde la sitolo kumene bambo ankasokera zovala, mtima uli dyokodyoko.

"Ababa, taonani! Tsopano amayi azitunganso pachingwe."

Makina anaima. Pabenchi panali amuna awiri odikira zovala zawo, ndipo mmodzi anali uja wogulitsa makhadi a chipani pachipata cha msika. Bambo ananditsomphola kandalamako n'kukafumbata.

"Mwana ameneyu ndi zitsekerero za mabotolo!" anatero akuseka mokweza. Koma dzanja lawo sanalitambasule.

Amunawo atachoka, bambo anatambasula dzanja n'kukatembenuza kandalamako. Ine ndinali nditakhoma mbali ya tambala, osaganiza za kuseri. Msomali unali utatulukira patsaya la mtsogoleri wa dziko.

"Asiyatu, ukudziwa chifukwa chake kandalamaka amakatcha tambala?" anafunsa monong'ona.

Ndinapukusa mutu.

"Tambala ndiye amalira kukamacha. Ndalama yaikulu anaitcha kwacha, kunena kuti usiku wa atsamunda watha. Yaing'onoyi ndi tambala wodzutsa anthu uja, yemweyo ali pansalu ya chipani. Khobidi lakale linali chitsulo chabe, mwanangu. Aka kali ndi eni ake. Bambo wa makhadi uja akanakaona, bwenzi ine lero ndisakugona kunyumba, ndipo sindikudziwa kuti mukanakandifunsa kuti."

Sanandimenye. Bola akanandimenya, chifukwa ndodo ndinkaidziwa, koma mantha pankhope ya bambo ndinali ndisanawaonepo. Anakakulunga kandalamako m'kachidutswa ka nsalu, n'kupita nako okha kuchimbudzi cha kuseri kwa sitolo. Atabwerako anasamba m'manja, anati alhamdulillah pothokoza Mulungu, n'kuyambanso kupalasa makina.

Lero tambala sagula ngakhale machesi, ndipo adzukulu anga amangomumva m'masamu a kusukulu. Ndikawafotokozera kumene dzinali linachokera amati n'lokoma, ndipo n'lokomadi. Koma ine ndinaliphunzira monong'onezana, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndi pano pamene ndikumvetsa kuti kuseka kuja kunali mpanda umene bambo anatimangira mwamsangamsanga, ndi kuti kandalama kochepetsetsa m'dziko lonse kanali kokwanira kugula bambo anga.